Kodi Katundu Wanu Mwamanga Bwanji pa Njinga Yamoto?

Munthu akakhala pa benchi ya chipatala cha Thambani, Kunenekude kapena Tulonkhondo kudikira kuti dzina lake liitanidwe, amamva kulira kwa njinga zamoto m'maŵa wonse. Ina yabweretsa mayi wapakati amene nthaŵi yake yakwana, ina yatula agogo amene sakanatha kukwera mapiri onsewo wapansi, ndipo ina yangodutsa pa mseu itasenza matumba mpaka woyendetsa wake osaoneka. Kale njinga yamoto m'mudzi inali ya mlangizi wa zaulimi, ya mlangizi wa zaumoyo kapena ya abambo a ku mishoni. Lero anyamata a kabaza ali pa mphambano iliyonse, ndipo boma lathu la Mwanza, pokhala m'malire ndi dziko la Mozambique kumene anthu ambiri amakagula njingazi, ladzaza nazo.

Ine sindine mdani wa kabaza. Ana ambiri amene akuseŵera m'midzimu anabadwira ku chipatala chifukwa cha njinga yamoto imene inafika pa khomo pakati pa usiku. Koma pali chinthu chimodzi chimene sitichilankhula. Za chisoti choteteza mutu timazimva pa wailesi, za liŵiro ndi moŵa apolisi amachenjeza, koma za kamangidwe ka katundu kumbuyo kwa njinga palibe amene amatchula, ngati kuti ndi nkhani ya ana. Ndikufuna kunena mosabisa kuti mlandu wa katundu womangidwa moipa si wa woyendetsa yekha ayi. Uli ndi ifenso eni katundu, amene timaima pambali tikunyengerera kuti, “Achimwene, onjezani kathumba aka kokha.”

Ndikunena izi ndi manyazi, pakuti inenso ndinachitapo. Chaka china m'mwezi wa June, manachesi atapsa m'mitengo yonse, ndinali kumudzi kwa mlongo wanga. Iye anali atathyola matumba atatu oti akagulitse ku boma kwa ogula ochokera ku Blantyre. Woti anyamule anali mwana wake wamwamuna, amene ankayendetsa njinga ya munthu wina nkumapereka ndalama kwa mwiniwakeyo madzulo alionse. Mnyamatayo anati, “Amalume, aŵiri akwana. Lachitatuli ndilibwerera.” Ine ndinaŵerengera mtengo wa petulo m'mutu mwanga, ndipo ndinayankha kuti, “Iwe, ulendo umodzi basi. Mwamuna angaope thumba?” Thumba lachitatu tinaliika pamwamba pa aŵiri aja, cha kumbuyo kwenikweni, kupitirira pamene kaliyala amathera. Mphira yomaliza ndinakoka ndine, ndipo nsonga yake yotsala, yotalika ngati mkono, ndinangoitsomeka pansi pa thumba osaimanga mfundo.

Sanafike patali. Pa chitunda china chamiyala thumba lapamwamba linayamba kutsetserekera kumbuyo, nsonga ya mphira ija inasololoka, inagwera m'masipoko nkukulungika pamodzi ndi tcheni, ndipo tayala linangoti nji kuima. Mnyamata anagwa, njinga ndi matumba zinamugwera pa mwendo, ndipo fupa la m'ntchafu linathyoka. Anagona m'chipatala masabata oposa asanu ndi limodzi mwendo uli wokokedwa ndi chingwe cha zitsulo zolemera. Mwini njinga anaipereka kwa mnyamata wina. Manachesi anamwazika m'chigwembe, ana a sukulu anatola. Petulo amene ndinafuna kupulumutsa uja sakanakwanira ngakhale kugula ndiwo zimene mlongo wanga anagula m'masiku atatu oyamba akudwazika mwana wake.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikucheza ndi amakanika ndiponso oyendetsa akale kuti ndimvetse chimene chinachitika, ndipo ndapeza kuti nkhaniyi si yovuta kuimva. Njinga yamoto imaima pa matayala aŵiri okha, ndipo malo amene tayala lililonse limakhudza pansi sapambana chikhatho cha dzanja. Tayala la kutsogolo ndilo limaongolera njinga, ndiponso ndilo limagwira ntchito yaikulu poiimitsa. Kuti lichite zimenezi, liyenera kukanikizidwa pansi ndi kulemera kokwanira. Amene anapakirapo ngolo amadziŵa kuti mukaunjika matumba kumbuyo, goli limanyamuka m'khosi mwa ng'ombe ndipo ngolo imafuna kugwa chagada. Njinga yamoto ndi chimodzimodzi. Katundu aliyense amene wakhala kupitirira pakati pa tayala la kumbuyo amapepula tayala la kutsogolo. Pa malo athyathyathya woyendetsa amangomva chiongolero chikunjenjemera m'manja. Pa chitunda, monga zitunda za kwathu kuno, kutsogolo kumatha kunyamuka ndithu, ndipo pa mchenga kapena pa matope tayala limangotsetsereka osamvera mwini wake.

Kutalika kwa katundu nakonso ndi mlandu. Mayi aliyense amadziŵa kuti mtolo waufupi wa nkhuni umakhazikika pa mutu, koma mtolo wosanjikiza mpaka m'mwamba umamutenga khosi akangopunthwa pang'ono. Njinga imapendekeka pokhota, ndipo thumba limene lili pamwamba limaikokera pansi msanga kuposa mmene manja a woyendetsa angaibwezere. Ndiye chifukwa chake cholemera chiyenera kukhala pansi, pafupi ndi msana wa woyendetsa, ndipo chopepuka ndicho chikhale pamwamba ndi cha kumbuyo.

Tiyeni tiŵerengerenso kulemera kwake. Njinga zing'onozing'ono zimene anyamata a kabaza amayendetsa zimalemera pafupifupi makilogalamu 120. Opanga njinga amalemba m'kabuku kake muyeso wa zimene inganyamule, kuphatikizapo woyendetsa ndi wokwera, ndipo pa njinga zambiri za mtundu umenewu muyesowo uli cha m'ma makilogalamu 150 kapena kucheperapo. Mnyamata wa makilogalamu 65 akasenza matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 lililonse, wafika pa 215. Njinga imayenda, inde, ndipo nkumene timanyengekera. Koma mabuleki ake sanapangidwire kulemera kotero. Potsika phiri amatentha nkuyamba kufooka, mashoko amafwafwanthika mpaka tayala kukhula kunsi kwa chishalo, ndipo masipoko amaduka limodzilimodzi mwini wake osadziŵa. Onjezanipo liŵiro: munthu akathamanga kaŵiri kuposa poyamba, mtunda umene afunika kuti aime umakula kanayi.

Tsopano za chomangira, pamene ine ndinalakwa kwambiri. Tonsefe timakonda malegeni odula ku chubu chakale, chifukwa ndi otsika mtengo ndipo amafinya katundu bwino. Koma ubwino wa mphira ndiwonso kuipa kwake: imatamuka. Njinga ikagwa m'dzenje, thumba limadumpha, mphira imalola, ndipo thumba likamatera silibwerera pamene linali. Likatero kambirimbiri limapezeka lapendekera mbali imodzi. Mphira imene yakhalitsa pa dzuŵa imachita ming'alu ndipo imaduka osachenjeza. Imene yakhudza ekizozi imasungunuka. Ndipo imene yapulumuka m'manja ikukokedwa imabwerera ngati chikoti. Achipatala amadziŵa kuti mphira yotere imatha kuboola diso, makamaka ija ya m'sitolo yokhala ndi kachitsulo kokoŵera ku nsonga. Pokoka mphira musaŵeramire nkhope pa mzere wake, ndipo ana asaime pafupi kuonerera.

Maganizo anga ndi akuti mphira ikhale yothandizira chabe. Chogwira katundu chenicheni chikhale chingwe cholimba cha nayiloni kapena cha khonje, kapenanso lamba wosatamuka. Chingwe chigwire njinga m'malo anayi, aŵiri mbali iyi ndi aŵiri mbali inayo, ndipo chimangidwe ku chitsulo cha njinga yeniyeniyo, osati ku nyale zokhotera kapena ku chitsulo chopyapyala cha nambala. Zingwe za kutsogolo zikokere katundu kutsogolo kuti asatsetserekere kumbuyo pokwera chitunda, ndipo za kumbuyo zimukokere kumbuyo kuti asadzamenye msana wa woyendetsa pogwira mabuleki. Mukamaliza, gwirani thumba ndi manja aŵiri nkuligwedeza mwamphamvu. Ngati njinga yonse igwedezeka pamodzi ndi thumba, mwamanga. Ngati thumba ligwedezeka lokha, masulani muyambirenso, ngakhale woyendetsa akhale akuliza injini kukufulumizani. Nsonga iliyonse yotsala imangidwe mfundo, isatsomekedwe. Ndiponso woyendetsa aime atayenda kilomita imodzi kapena ziŵiri nkukunganso zingwe, pakuti chimanga, nandolo ndi manachesi zimakhazikika m'thumba zikagwedezeka, ndipo chingwe chimene chinali chokunga pa khomo chimakhala chitalefuka.

Pali katundu wina amene ali ndi makhalidwe akeake. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo chikakhala chosadzaza madzi amakhavukira uku ndi uku nkumakankha njinga pokhota. Zigubu zikhale zodzaza, zotseka bwino, ndi zofanana mbali zonse ziŵiri. Zigubu za petulo, zimene timaziona zikuyenda nthaŵi imene mafuta asoŵa, ndi nkhani yoopsa kuposa apa, chifukwa dontho lake limagwera pafupi ndi ekizozi yotentha. Mbuzi kapena nkhumba ndi katundu amene amaganiza zakezake, ndipo amaphiriphitha pa nthaŵi imene simukuyembekezera. Koma chimene ndimanjenjemera nacho kwambiri ndi malata ndi matabwa omangidwa chopingasa. Mseu wa M6, wochokera ku Zalewa kudutsa pa boma mpaka ku chipata cholowera ku Zobue, umadzaza ndi malole aakulu opita ndi kuchokera ku Tete. Lole ikadutsa, mphepo yake imamenya lata ngati thanga la bwato, ndipo m'mphepete mwa lata ndi mpeni kwa mwana amene akuyenda pambali pa mseu. Apa sindinganene za kamangidwe kabwino, chifukwa palibe. Amene wakwanitsa kugula malata a nyumba akwanitsenso kulipira ngolo kapena galimoto yoŵanyamula.

Chinanso chimene timaiŵala ndi nyale ya kumbuyo. Thumba likalendeŵera limaphimba nyale yofiira ija, ndipo usiku dalaivala wa lole saona chilichonse mpaka atafika pafupi. Musananyamuke, wina aime kumbuyo aone ngati nyale, nyale zokhotera ndi nambala zikuoneka.

Pa mseu womwewu timaonanso nthaŵi zina njinga zamoto za mtundu wina, zija zothamanga kwambiri zooneka ngati za mpikisano, zimene woyendetsa amakhala choŵerama. Ena ndi alendo odutsa kuchokera ku South Africa, ena ndi anyamata athu amene ntchito yaŵayendera bwino. Njinga zimenezi zilibe kaliyala. Kumbuyo kwake kuli kachishalo kakang'ono kokwezeka m'mwamba ngati mchira wa chinkhanira chokwiya, kozunguliridwa ndi mapulasitiki osalimba. Pamenepo pangakhale kachikwama kochepa ka zovala, osati thumba la ufa. Malamba a chikwamacho ayenera kudutsa kunsi kwa chishalo kapena kugwira zitsulo zopondapo wokwera, chifukwa pulasitiki imathyoka. Ngoziyo ndi yomwe ija ya mphira yanga, koma yofulumira: mchira wa njingazi ndi waufupi, tayala lili poyera, ndipo chikwama chikapendekeka kapena lamba akalendeŵera zimakumana ndi tayala kapena tcheni njinga ili pa liŵiro lalikulu. Pa zina ekizozi imadutsa kunsi kwenikweni kwa chishalo, kotero lamba amapsa mwini wake osaona. Mnyamata wa kabaza akamasirira njinga yotere adziŵe kuti pa nkhani yonyamula katundu yake yomweyo ndiyo yopambana.

Nanga munthu ndi katundu pa njinga imodzi? Izi ndizo zimakhudza ambiri a inu amene mukuŵerenga. Pochokera ku chigayo kapena ku msika, mayi amakhala pakati, mwana ali kumbuyo pa mbereko, ndipo kumbuyo kwa mwanayo kuli thumba. Woyendetsa akagwira mabuleki mwadzidzidzi, thumba la makilogalamu 50 limabwera kutsogolo, ndipo choyamba kukumana nalo ndi msana ndi mutu wa khanda. Ena amaika thumba pa thanki patsogolo pa woyendetsa, mpaka chiongolero kulephera kukhota bwino. Enanso amanyamula dengu pa miyendo, manja onse aŵiri ali pa dengu, opanda pogwira. Kumbukiraninso kuti nsonga ya chitenje ndi chimodzimodzi nsonga ya mphira: ikalendeŵera imaloŵa m'masipoko, ndipo imagwetsa mwini wake chagada. Pindani chitenje bwino musanakwere, ndipo mwendo usayandikire ekizozi, pakuti bala la moto wake limachedwa kupola. Ngati katundu ndi wolemera moti simungathe kumunyamula nokha ndi dzanja limodzi, musakhale naye pa njinga imodzi muli ndi mwana.

Ndikudziŵa chimene ambiri akuyankha mumtima. Akuti, “Wolemba ameneyu sadziŵa umphaŵi. Maulendo aŵiri ndi ndalama ziŵiri, ndipo phindu la thumba la manachesi ndi lochepa kale.” Mau ameneŵa ndi oona, ndipo sindingaŵapeputse. Woyendetsa nayenso ali pa mpanipani: akakana katundu, mnzake amene ali pambali avomera, ndipo madzulo mwini njinga akufuna ndalama zake zonse. Ndi chifukwa chake ndikuti kumusiyira mnyamata yekha kuti akane ndi kumusenzetsa katundu winanso. Iye ndi wamng'ono, ife ndife makolo ake, azakhali ake ndi amalume ake, ndipo mwambo wathu sumulola kutsutsana nafe kaŵiri. Mwana wa mlongo wanga anakana kamodzi. Kachiŵiri anangoti, “Chabwino, amalume.”

Tsono tiyeni tiike ndalama ziŵirizo pa sikelo. Mbali iyi pali mtengo wa ulendo umodzi woonjezera. Mbali inayo pali katundu yense wotayika, njinga yoonongeka, wodwala wogona miyezi, ndi wodwazika amene wasiya munda nthaŵi yokolola kapena yosoŵa. Ngati fupa lathyoka moipa kapena mutu wavulala, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo banja limayamba kugulitsa mbuzi. Lipoti la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO la m'chaka cha 2023 linati ngozi za pamseu zimapha anthu pafupifupi 1,190,000 pa chaka, ndipo ovulala ndi ochuluka kuposa pamenepo. M'chiŵerengero chotere simulembedwa kuti chinayambitsa ndi nsonga ya mphira kapena thumba lachitatu. Zimenezo amadziŵa ndi achibale okha. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ife timafuna kuti zonse zipite pa ulendo umodzi, nkutaya zonse pamodzi ndi mwendo wa mwana.

Amene akuganiza kuti kumanga katundu mosamala ndi mantha aone mmene amachitira anthu amene njinga yamoto ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku pa zaumoyo. Bungwe la Riders for Health, limene kwa zaka zambiri lanyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono za m'Malaŵi, linayambitsidwa ndi anthu a mipikisano ya njinga zamoto: Barry Coleman, Andrea Coleman ndi katswiri wothamangitsa njinga Randy Mamola. Anthu ozoloŵera liŵiro loopsa ndiwo anabwera ndi chiphunzitso chakuti woyendetsa aziyamba wayendera njinga yake tsiku lililonse asanaikwere. Mlangizi wa zaumoyo wonyamula bokosi la katemera kupita ku sikelo ya kumudzi nayenso sangalimange mwachisawawa. Katemera wambiri amafunika kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo bokosi likagwa nkutseguka pa dzuŵa, ana a mudzi wonse abwerera osabayitsa. Ngati timabotolo timasamalidwa chotere, nanga mnyamata amene wakhala patsogolo pa matumba athu?

Anyamata a kabaza ali ndi atsogoleri awo pa malo alionse oimikapo njinga, ndipo atsogoleriwo amatha kugwirizana mitengo ya maulendo mwamsanga petulo akakwera. Angathenso kugwirizana kuti pa malo awo palibe amene anyamule matumba oposa aŵiri, ndipo kuti aliyense akhale ndi chingwe chake cholimba pansi pa chishalo. Onse akakana pamodzi, palibe amene angalandidwe kasitomala ndi mnzake. Mafumu athu a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, amene amalankhula za zimbudzi ndi maukonde a udzudzu pa misonkhano, angathe kuonjezapo mau aŵiri okha a nkhaniyi nyengo ya manachesi isanayambe. Koma inu amene mwakhala pa benchi simufunika kudikira msonkhano. Mukatuluka pano nkukaima pa chigayo kapena pa msika, funsani woyendetsa kuti, “Kodi katunduyu akwana?” ndipo akazengereza kuyankha, chotsanipo thumba limodzi inu nomwe.

Mwana wa mlongo wanga anachira, ngakhale amatsimphina pang'ono kukazizira. Anapeza njinga ina, ndipo manachesi a mayi ake amanyamulabe ndi iye. Ulendo wina nditapitanso kumudzi ndinapeza akupakira, matumba aŵiri pa njinga, lachitatu lili pa khonde. Ndinavula jekete kuti ndithandize, ndipo ndinatola chingwe. Iye anachilandira m'manja mwanga ndi manja aŵiri, mwaulemu, nati, “Amalume, takakhalani pa mthunzi apo. Ndimanga ndekha.” Ndinapita kukakhala.